Kuika cochlear implant popanda kupha kumva kumene kwatsala m'khutu

Pali anthu amene amamva bingu, ng'oma, kulira kwa lole ndi kugogoda kwa chitseko, koma nyenje ikamalira pamtengo kwa iwo kuli zii. Mukamayankhula nawo amadziwa kuti mukuyankhula, koma "s", "ts" ndi "ch" zimawasowa, moti sala, tsala ndi chala onse amamveka ngati "ala". Dandaulo lawo ndi limodzi: ndikumva, koma sinditola mawu. Pa pepala la zotsatira za kuyeza makutu, limene amalitchula kuti audiogram, mzere umayenda pamwamba pa 125, 250 ndi 500 Hz (Hz ndi muyeso wa kukwera kwa liwu: nambala yaing'ono ndi besi, yaikulu ndi nthetemya), kenako umagwa ngati phompho ukamayandikira 1000 kapena 2000 Hz. Mawu a besi alipo, a nthetemya anapita. Makina wamba othandiza kumva sathetsa vutoli, chifukwa timaselo ta ubweya ta mkati mwa khutu tolandira mawu a nthetemya tinafa kale, ndipo kukweza voliyumu kumangowonjezera phokoso.

Cochlear implant ndi chipangizo choikidwa ndi opaleshoni chimene chimasandutsa mawu kukhala timagetsi n'kutitumiza ku mtsempha wa kumva kudzera pa kawaya kolowetsedwa mkati mwa khutu. Kale madokotala ankaona kuti kawaya ka implant kakalowa m'khutu, kumva konse kwachilengedwe kwathera pomwepo. Mu 1993 Ernst Lehnhardt wa ku Hannover, ku Germany, anafotokoza kachitidwe ka opaleshoni kosamala mkati mwa khutu. Mu 1999 Christoph von Ilberg wa ku Frankfurt, ku Germany komweko, anaonetsa kuti khutu limodzi lingathe kulandira mawu a besi mwachilengedwe ndi a nthetemya kudzera m'magetsi, nthawi imodzi. Henryk Skarżyński wa ku Warsaw, ku Poland, anaika implant mwa munthu wamkulu amene ankamva bwino mawu a besi mu 2002, ndipo mu 2004 anachita chimodzimodzi kwa mwana. Ku Iowa, ku America, Bruce Gantz anatsata njira ya kawaya kafupi ka mamilimita 10.

Mawu a besi ndi amene amanyamula kukwera ndi kutsika kwa liwu, ndipo implant payokha imalephera kwambiri pamenepa. Kwa woyankhula Chichewa nkhaniyi ndi yaikulu kuposa kungokoma kwa nyimbo. Mtengo wa mango ndi mtengo wa pamsika timausiyanitsa ndi kamvekedwe ka liwu, ndipo "ndinapita" ya posachedwa ndi ya kalekale zimasiyananso motero. Kumva kotsalako kumathandizanso kutola mawu a munthu mmodzi pakati pa gulu, monga pamaliro kapena mu minibasi.

Chimene tikuteteza

Mkati mwa khutu muli kachiwalo kopiringizika ngati nkhono, kamene dzina lake ndi cochlea. M'nkhani ino tizingoti nkhono. Imazungulira kawiri ndi theka, ndipo itatambasulidwa ingatalike mamilimita 30 mpaka 35, mosiyanasiyana munthu ndi munthu. Mawu a nthetemya amamveka kukhomo kwa nkhonoyo, a besi amamveka kunsonga mkati mwenimweni. Choncho mbali yakufa ili pafupi ndi khomo, yamoyo ili mkati, ndipo kawaya kayenera kudzaza mbali yakufayo osasokoneza yamoyo.

Nkhono ili ndi tinjira titatu ta madzi. Kawaya kayenera kulowa ndi kukhala m'kanjira kapansi, scala tympani. Denga la kanjiraka ndi kanembanemba kopyapyala kotchedwa basilar membrane, pamene pakhala timaselo ta ubweya. Kawaya kakabowola dengali n'kukwera m'kanjira kapamwamba, madzi a mitundu iwiri amene sayenera kukumana amasakanikirana, ndipo nthawi zambiri kumva kotsala kumatha. Ngakhale osabowola, kawaya kakangokankha dengalo kuchokera pansi, limasiya kunjenjemera bwino.

Kusankha wodwala

Malire amene FDA, bungwe loyang'anira mankhwala ndi zida zachipatala ku America, linavomereza mu 2014 pa implant ya kawaya kafupi yotchedwa Nucleus Hybrid L24 ndi poyambira pabwino: kumva kosaipa kuposa 60 dB mpaka pa 500 Hz (dB, kapena kuti desibelo, ndi muyeso wa kukula kwa mawu: nambala ikakula, kumva kwaipa), avereji ya 75 dB kapena kuposerapo pa 2000, 3000 ndi 4000 Hz, ndipo khutu lofuna kuikidwa implant lizitola mawu 10 mpaka 60 pa 100 alionse munthuyo atavala makina othandiza kumva ochunidwa bwino. Mfundo yomalizayi musailumphe. Makina osachunidwa bwino amapereka zotsatira zoipa zimene zingatumize munthu ku opaleshoni isanakwane nthawi yake.

Audiogram imodzi siikwanira. Funani zakale, za chaka chatha kapena zaka ziwiri zapitazo, muone ngati kumva kwakhazikika kapena kukutsikabe. Munthu amene kumva kwake kukutha chaka ndi chaka adzataya mawu a besi ngakhale opaleshoni itayenda bwino chotani, ndipo ameneyo afunika kawaya kotalikirapo. Funsani za mankhwala amene analandirapo. Kanamycin, amikacin, streptomycin ndi gentamicin amayamba kuwononga mawu a nthetemya, ndipo m'mayiko akumwera kwa Africa muli anthu amene anagontha motere atabayidwa majekeseni a chifuwa chachikulu chosamva mankhwala, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lisanalangize mu 2018 kuti kanamycin asiyidwe. Kuwonongeka kotere kumatha kupitirira kwa miyezi munthu atasiya mankhwalawo, choncho dikirani mzere wa audiogram uime kaye.

Khutu lotuluka mafinya kapena lobowoka nembanemba lichiritsidwe kaye. Katemera woteteza ku kachilombo ka pneumococcus aperekedwe masabata 2 kapena kuposerapo opaleshoni isanachitike, chifukwa implant imawonjezera mwayi wodwala matenda oumitsa khosi. Ndipo wodwala auzidwe mosapita m'mbali kuti kumva kotsalako angathe kukutaya, tsiku lomwelo kapena patapita miyezi. Amene sanavomereze zimenezi ndi mtima wonse sanakonzeke.

Kusankha kawaya

Pa chithunzi cha CT amayeza m'lifupi mwa mzungulire woyamba wa nkhono, umene kawirikawiri umakhala pafupifupi mamilimita 9, n'kuwerengera utali wa nkhono yonse. Kuyeza kumeneku n'kofunika chifukwa kawaya ka mamilimita 24 m'nkhono yaing'ono kamafika mkati kwambiri kuposa m'nkhono yaikulu. Kawaya kakazungulira kamodzi, madigiri 360, kamakhala kafika pamalo omva mawu a pafupifupi 1000 Hz, ndipo m'makutu ambiri apa ndi mamilimita 20 kapena kuposerapo pang'ono.

Ambiri ochita opaleshoni yotereyi amasankha kawaya koonda, kofewa, kowongoka, kamene kamatsetsereka motsatira khoma lakunja la nkhono. Hybrid L24 imalowa mamilimita 16, FLEX20 ndi FLEX24 za kampani ya MED-EL zimalowa 20 ndi 24. Kafupi kamasunga kumva bwinoko, koma kumvako kukadzatha, munthu amatsala ndi nkhono yodzazidwa theka lokha, ndipo ena amafunika opaleshoni yachiwiri. Kotalika kamagwira ntchito bwino pakokha koma kamafika pafupi ndi timaselo tamoyo. N'chifukwa chake utali wa mamilimita 20 mpaka 24 ndi umene ambiri amaimapo. Ku Hannover amagwiritsanso ntchito njira ina: kulowetsa kawaya kotalika mbali yake yokha, kuti kumva kukadzatha adzangokakankhira mkati. Kwa wodwala wochokera kutali, amene sangathe kubwerera ku opaleshoni yachiwiri, kawaya kafupi kwambiri n'kosayenera.

Mankhwala oletsa kutupa

Nkhono ikalowedwa ndi chinthu chachilendo imatupa mkati, ndipo kutupako kumapha timaselo m'masiku ndi masabata otsatira. Mankhwala a steroid ndi amene amachepetsa zimenezi. Mlingo umasiyana chipatala ndi chipatala. Njira imodzi yodziwika ndi dexamethasone wa mumtsempha, 0.1 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi, opaleshoni itatsala pang'ono kuyamba, n'kumabwereza kwa masiku angapo. Ena amawonjezera mapiritsi a prednisone, 1 mg pa kilogalamu, kuyamba masiku angapo opaleshoni isanachitike n'kumachepetsa pang'onopang'ono pambuyo pake. Ambiri amathiranso steroid pakhomo pa nkhono nthawi ya opaleshoni. Musanapereke, yezani shuga ndi kuthamanga kwa magazi, funsani za zilonda za m'mimba, ndipo tsimikizani kuti munthu alibe chifuwa chachikulu chimene sichinachire.

Kufika pakhomo pa nkhono

Amacheka kuseri kwa khutu n'kubowola fupa la mastoid mpaka kuona kafupa kapakati pa tifupa titatu tonyamula mawu, incus. Dirilo isakhudze kafupaka ngakhale pang'ono. Tifupati n'tolumikizana ndi nkhono, ndipo dirilo ikangokhudza, kunjenjemera kwake kumalowa m'nkhono ngati kuphulika. Pa implant wamba tifupati sitifunikanso, koma pano ndi njira imene mawu a besi azidzadutsa moyo wonse. Nembanemba ya khutu ndi khoma la ngalande ya khutu zikhale zosabowoka.

Kenako amatsegula kampata kopapatiza pakati pa mtsempha woyendetsa nkhope ndi kamtsempha komva kukoma, chorda tympani. Makina oyang'anira mtsempha wa nkhope akhale oyaka. Kampataka katsegulidwe mokwanira, makamaka chakumunsi, kuti khomo la nkhono lioneke lonse. Kampata kakang'ono kamakakamiza dokotala kulowetsa kawaya mopendeka, ndipo nsonga yake imakagunda denga m'malo motsata kanjira.

Khomolo ndi kazenera kozungulira, round window, kotsekedwa ndi kanembanemba. Nthawi zambiri kamabisika pansi pa mlomo wa fupa. Mlomowo umapalidwa ndi dirilo ya dayamondi ya milimita imodzi, yoyenda pang'onopang'ono, madzi akuthiridwa, osagunda kanembanembako. Samalani ndi nembanemba yonyenga imene imakuta khomoli mwa anthu ena. Yeniyeni imaoneka yoderako ndipo imasuntha mukakhudza tifupa mosamala.

Apa pali lamulo limene limasunga makutu ambiri kuposa chida chilichonse: ntchito yonse yauve ithe nkhono isanatsegulidwe. Malo okhala thupi la implant akumbidwe, thupilo likhazikidwe, magazi aleke kutuluka, fumbi la fupa litsukidwe mobwerezabwereza, magolovesi asinthidwe kapena atsukidwe. Magazi ndi fumbi la fupa zikalowa m'nkhono zimayambitsa chipsera ndi fupa latsopano. Zimenezi sizioneka tsiku la opaleshoni, zimaonekera pa audiogram ya miyezi 6.

Kutsegula ndi kulowetsa

Kanembanemba kamabooledwa ndi singano yaing'ono, modekha, kutsogolo ndi kumunsi kwake, kabowo kokwana kawaya kokha. Kubowola mwadzidzidzi kumasintha mphamvu ya madzi a mkati ndipo funde lake limafika kunsonga. Kuyambira pamenepa kapaipi koyamwa kakhale kutali. Kakayamwa madzi a m'nkhono, mpweya umalowa m'malo mwake, ndipo kumva kumatsika nthawi yomweyo. Ngati magazi akuyenderera, yamwani chapatali kudzera pa kathonje. Dontho la mankhwala onanda otchedwa hyaluronic acid pakabowo limatchinga magazi ndiponso limaterereza kawaya.

Ngati kazenera kapendekera kumbuyo moti kawaya sikangalowe mowongoka, ndi bwino kukuza khomolo pang'ono chakutsogolo ndi kumunsi. Kubowola khomo latsopano pafupa kukhale komaliza, ndipo likhale kutsogolo ndi kumunsi kwa kazenera. Lobowoledwa chakumtunda limagwera pa denga lija kapena m'kanjira kolakwika. Palani fupa mpaka patsale kakhungu kamkati, tsukani, kenako tsegulani ndi singano.

Kawaya kalowe kuchokera kumtunda ndi kumbuyo, kuloza kumunsi ndi kutsogolo, motsatira mmene kanjira kapendekera. Liwiro ndi mamilimita pafupifupi 15 pa mphindi, kutanthauza kuti kawaya ka mamilimita 24 katenge mphindi imodzi ndi theka kapena kuposerapo. Nkhono ndi botolo lodzaza kale, ndipo madzi amene kawaya kakuwalanda malo ayenera kupeza nthawi yotulukira m'mbali mwa kabowo. Dzanja la munthu limavutika kuyenda pang'onopang'ono chonchi popanda kunjenjemera kapena kudumphadumpha, choncho tsamiritsani dzanja, ndipo wina awerenge masekondi mokweza. Zipatala zina zili ndi makina olowetsa kawaya, monga iotaSOFT ndi RobOtol, amene amatha kuyenda pang'onopang'ono kuposa dzanja.

Kulimba kumayamba kumveka kawaya kakafika pokhota poyamba, cha pa madigiri 180. Mwa mawaya amene amabowola denga, ambiri amalibowolera apa. Mukamva kulimba, imani. Bwezani pang'ono, potozani pang'ono, yesaninso modekha. Kakakanabe, kasiyeni pomwepo. Timfundo tiwiri ta magetsi ta pa kawaya totsala kunja tingazimitsidwe pa kompyuta, koma denga lobowoka silisokedwa.

Kumene kuli zida zake, amamvetsera nkhono nthawi yonse yolowetsa. Amaika kachipangizo kotulutsa liwu m'ngalande ya khutu, kawirikawiri pa 500 Hz, ndipo nsonga ya kawaya imajambula timagetsi timene timaselo ta ubweya timatulutsa poyankha. Mzere woonetsa timagetsito umayenera kukwera kawaya kakamayandikira timaselo tamoyo. Ukagwa mwadzidzidzi, ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kuposerapo, dokotala amaima, amabweza kawaya milimita imodzi, n'kudikira kuti ubwerere. Chidachi chimathandiza, koma chimangonena za nthawi imeneyo. Sichidziwa za kutupa kumene kudzabwere mawa.

Potseka, kachidutswa kakang'ono ka mnofu kapena guluu wa fibrin kaikidwe mozungulira kawaya. Ambiri amalakwitsa podzazamo zochuluka. Kazenera kayenera kutukuka ndi kubwerera mawu akamalowa, ndipo kakatsekedwa kolimba mawu a besi amatsika ngakhale nkhono ili bwinobwino. Skarżyński amanenetsa kuti mbali ina ya kanembanemba isiyidwe yosakutidwa. Kawaya kotsala kapindidwe m'mphanga ya mastoid mosakhudza tifupa, ndipo kamangidwe, chifukwa mawaya owongoka amakonda kutuluka pang'onopang'ono. Wodwala asanadzuke, jambulani kapena yezani ndi implant yomweyo kuti muone ngati nsonga sinapindikire kumbuyo.

Masabata oyamba

Wodwala asamine mwamphamvu, asanyamule zolemera, ndipo akamayetsemula atsegule pakamwa. Chizungulire chochepa cha tsiku limodzi kapena awiri chimachitika. Chachikulu, chobwera ndi kulira kwa m'khutu ndi kutsika kwa kumva, chifunika dokotala tsiku lomwelo.

Musachite mantha ndi audiogram yoyamba. Kuseri kwa nembanemba ya khutu kumakhala magazi ndi madzi kwa masabata angapo, ndipo zimatsekereza mawu. Yezani kumva kwa kudzera m'fupa ndiponso kayendedwe ka nembanemba. Ngati kumva kwa m'fupa kuli pamene kunali, vuto ndi madziwo ndipo adzauma. Implant imayatsidwa pakatha masabata 2 mpaka 4, ndipo khutu liyezedwe lopanda makina pa mwezi woyamba, wa 3, wa 6, wa 12, kenako chaka chilichonse.

Pochuna, pezani malo pa audiogram pamene kumva kwaipa kuposa 65 mpaka 80 dB, malinga ndi makina ake. Pansi pa malowo mawu azidutsa mwachilengedwe, okwezedwa ndi kachipangizo kothandiza kumva kovala m'ngalande ya khutu. Pamwamba pake azipita ku magetsi. Mbali ziwirizi zingalowerane pang'ono, koma zikalowerana kwambiri munthu amamva mawu awiriawiri ndipo amavula kachipangizoko. Amene akumva besi pafupifupi ngati wina aliyense, pa 30 dB kapena bwinopo, safunika kukwezeredwa. Ngalande yake isiyidwe yotsegula. Wodwala akadandaula kuti mawu aonda, yambani mwaona kachipangizo ka m'ngalande. Phula la m'khutu kapena chinyezi m'kapaipi ndi zimene zimapezeka kawirikawiri.

Gulu la akatswiri oika implant lotchedwa HEARRING linapereka mu 2013 njira yowerengera kumva kumene kwasungidwa. Kutsika kwa avereji kumagawidwa ndi mpata umene unalipo pakati pa kumva koyamba ndi malire a makina oyezera. Tiyerekeze kuti malirewo ndi 120 dB. Woyamba ndi 50 n'kufika pa 65 wataya 15 mwa 70, ndiye wasunga 79 pa 100, ndipo kupitirira 75 kumawerengedwa kuti kwasungidwa konse. Woyamba ndi 70 n'kufika pa 85 wataya 15 mwa 50, wasunga 70 pa 100. Nambalayo ikuoneka yabwino, koma pa 85 dB kukweza mawu sikumupindulira kwenikweni. Choncho lembaninso madesibelo enieni a pa 250 ndi 500 Hz, chifukwa ndi amene amanena ngati kachipangizo ka m'ngalande kagwire ntchito.

Kumva kukayamba kutsika pambuyo pake

Ena amatuluka m'opaleshoni akumva bwino, kenako kumva kumatsika patapita miyezi. Kawirikawiri ndi chipsera chimene chikukula mozungulira kawaya n'kuumitsa denga lija, kapena matenda oyamba aja akupitirira. Yerekezani ndi khutu linalo: onse akamatsika limodzi, ndi matendawo. Impedance ya timfundo ta magetsi, kutanthauza muyeso wa mmene magetsi akuvutikira kudutsa, ikakwera mwadzidzidzi pamodzi ndi kutsika kwa kumva, ganizirani kutupa kwa mkati. Kutsika kwadzidzidzi kumachizidwa ngati kugontha kwadzidzidzi kwina kulikonse, ndi steroid woyambidwa m'masiku oyambirira, ndipo n'chifukwa chake wodwala ayenera kudziwa kuti asadikire tsiku limene analemberedwa.

Iye mwini ateteze khutulo ku phokoso. Kuchigayo, pafupi ndi jenereta, pa zokuzira mawu za paukwati, avule kachipangizo ka m'ngalande n'kutseka khutu. Kuchipatala chilichonse anene kuti ali ndi kumva kotsala asanabayidwe gentamicin kapena kupatsidwa kwinini, ndipo zilembedwe m'buku lake la kuchipatala, patsamba loyamba. Chimfine chikalowa m'khutu n'kuyamba kupweteka kapena kutuluka mafinya, alandire mankhwala tsiku lomwelo.

Kumva kukatha ndithu, chotsani kachipangizo ka m'ngalande ndipo chunani implant kuti inyamule mawu onse, kuyambira besi. Poyamba mawu amamveka oonda ndi okwera kuposa mmene munthuyo anazolowera, chifukwa besi akuperekedwa pamalo a nkhono amene ankamva mawu okwererapo. Tsitsani malire apansi a mawu opita ku magetsi pang'onopang'ono pa maulendo angapo, ndipo m'patseni zoyeserera za kumvetsera tsiku ndi tsiku: wachibale aziwerenga mokweza iye akutsatira ndi maso patsamba, kenako abwereze ziganizo zomwezo osaona. Khutu linalo likhale ndi makina othandiza kumva ochunidwa bwino, chifukwa tsopano ndi limene latsala ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu. Ngati pakatha miyezi 6 mpaka 12 akutolabe mawu ochepa ndipo kawaya kake n'kafupi, kambiranani za kukakankhira mkati kapena kuika kotalika.